Kuunika zigamba za masetingi a Git

Kuunika zigamba za masetingi a Git ndi ntchito yowerenga ndi kuyesa khodi imene munthu walemba pofuna kukonza cholakwika pa mmene Git imawerengera kapena kulembera mafayilo ake a masetingi. Ntchitoyi imachitika khodiyo isanalowe mu pulogalamu imene anthu onse amagwiritsa ntchito. Khodi yokonzera cholakwika pa Chingerezi imatchedwa patch, kutanthauza chigamba, ngati chimene amasokera pamene chovala chang'ambika.

Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, makamaka mafayilo a khodi. Munthu amaiuza zochita polemba malamulo pa teminolo, osati podina zithunzi. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu Epulo 2005, ndipo kuyambira mu Julayi chaka chomwecho amene amaiyang'anira ndi Junio Hamano. Foda imene Git ikusunga mbiri yake imatchedwa repository, ndipo m'nkhani ino ikutchedwa nkhokwe.

Zolakwika za masetingi zimaoneka zazing'ono, koma zina mwa izo zinapatsa anthu a zolinga zoipa mpata woyendetsa malamulo pa makompyuta a anzawo. Chinanso n'chakuti chigamba cha masetingi chimasintha khalidwe la pulogalamu kwa anthu onse, ngakhale amene sanakumanepo ndi vutolo. N'chifukwa chake ounika amafunsa mafunso awiri nthawi imodzi: ngati chigambacho chatsekadi bowo, komanso ngati sichinang'ambe malo ena.

Mmene Git imawerengera masetingi

Masetingi ndi zosankha zimene munthu amauza pulogalamu kamodzi kuti izizikumbukira, monga dzina lake, adiresi ya imelo, kapena pulogalamu yolembera mawu imene amakonda. Git imasunga zimenezi m'mafayilo a mawu wamba amene munthu angathe kutsegula ndi kusintha yekha. Fayilo imagawidwa m'zigawo, ndipo pansi pa chigawo chilichonse pamakhala dzina la setingi ndi zimene munthu wasankha. Mwachitsanzo:

[core]
editor = nano
pager = less

Git siwerenga fayilo imodzi yokha. Imayamba ndi masetingi a kompyuta yonse, amene pa Linux nthawi zambiri amakhala mu /etc/gitconfig. Kenako imawerenga a munthu mmodzi, amene amakhala mu fayilo ya .gitconfig m'foda yake yakeyake. Ikatero imawerenga a nkhokwe imene munthuyo ali, mu .git/config. Pomaliza pamabwera zimene walemba pa lamulo lenilenilo pogwiritsa ntchito -c. Setingi imodzi ikapezeka m'malo angapo, kawirikawiri imene yawerengedwa pomaliza ndiyo imagwira ntchito.

Pali malamulo ena ang'onoang'ono amene amasokoneza ngakhale akatswiri. Pa dzina la chigawo ndi dzina la setingi, Git sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, koma pa dzina la kachigawo kam'kati imasiyanitsa. Masetingi ena amaloledwa kulembedwa kangapo ndipo mayankho onse amawerengedwa, osati lomaliza lokha. Pa setingi ya inde kapena ayi, mawu akuti true, yes, on ndi nambala 1 amatanthauza chimodzimodzi, ndipo dzina likalembedwa lokha popanda chizindikiro cha = limatengedwa ngati inde. Fayilo imodzi ingathenso kuitana fayilo ina kudzera mu include kapena includeIf. Pofuna kudziwa kumene setingi yachokera, munthu amalemba git config --list --show-origin.

Chifukwa chake masetingi amafuna kusamala

Masetingi ena a Git si zosankha chabe koma ndi malamulo amene kompyuta imayendetsa. Setingi ya core.editor imatchula pulogalamu yotsegula polemba uthenga, core.pager imatchula yoonetsera mawu ataliatali, core.sshCommand imatchula yolumikizira ku kompyuta ina, ndipo core.fsmonitor ingathe kutchula pulogalamu imene Git imaitana poona mafayilo amene asintha. Choncho aliyense amene angalembe mu fayilo ya masetingi imene Git ya munthu wina ikuwerenga, angathenso kuyendetsa lamulo lililonse m'dzina la munthuyo.

Pa chifukwa chimenechi, munthu akakopera nkhokwe ya wina ndi lamulo la git clone, fayilo ya .git/config ya mwini wakeyo sibwera nawo. Git imalemba ina yatsopano. Komabe pali njira imodzi imene mawu ochokera kunja amafikira mu fayiloyi. Nkhokwe ingathe kukhala ndi nkhokwe zina m'kati mwake, zotchedwa submodule, ndipo maina ndi maadiresi ake amalembedwa mu fayilo ya .gitmodules imene imabwera limodzi ndi khodi. Git imatenga zina mwa zimenezi n'kuzilemba m'masetingi a nkhokwe. Zolakwika ziwiri mwa zitatu zimene zafotokozedwa m'munsimu zinadzera njira imeneyi.

Njira imene chigamba chimadutsa

Kuunika khodi kunayamba kale Git isanabwere. Mu 1976, Michael Fagan wa ku kampani ya IBM anafalitsa ndondomeko younikira khodi pagulu. Mu Git, zigamba zimatumizidwa pa imelo ndipo aliyense angathe kuziwerenga ndi kuyankhapo. Wolemba chigamba amafotokoza vuto, chifukwa chake lilipo, ndi chifukwa chake njira yake ndi yabwino kuposa zina. Amaikanso mzere wa Signed-off-by wosonyeza kuti ali ndi ufulu wopereka khodiyo. Ounika akapeza chokayikitsa, wolembayo amakonza n'kutumizanso, ndipo zimenezi zingachitike kangapo. Wounika akakhutira angapereke mzere wa Reviewed-by.

Woyang'anira amayamba waika chigambacho mu nthambi yotchedwa seen. Chikavomerezedwa chimapita mu next, kumene anthu amachiyesa kwa kanthawi, kenako chimalowa mu master. Zokonza zolakwika zimene zilinso mu Git yotulutsidwa kale zimalowa mu nthambi ya maint.

Git ili ndi mayeso ake m'foda yotchedwa t. Mayesowa ndi timapulogalamu timene timayendetsa Git n'kuona ngati yachita zoyenera. Mayeso ambiri a masetingi ali mu fayilo ya t1300-config.sh. Chigamba chokonza cholakwika chimayembekezeka kubwera ndi mayeso amene amalephera chigambacho chisanaikidwe, n'kupambana chikaikidwa.

Zolakwika zokhudza chitetezo zimadutsa njira ina. Zimakambidwa mwachinsinsi ndi anthu ochepa mpaka tsiku lotulutsa, kuti anthu oipa asadziwe bowolo ogwiritsa ntchito asanalandire chigamba. Njirayi imateteza anthu, koma imatanthauzanso kuti maso amene aona khodiyo isanatuluke amakhala ochepa.

Nkhani ya safe.directory mu 2022

Munthu akalemba lamulo la Git, pulogalamuyo imafufuza foda ya .git pamene munthuyo ali. Ikapanda kuipeza imakwera ku foda yapamwamba, n'kumapitirira mpaka kumapeto. Pa kompyuta imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, munthu mmodzi akanatha kupanga foda ya .git pamalo apamwamba, monga C:\.git pa Windows, n'kuikamo masetingi oipa. Mnzake akalemba lamulo la Git ali kunja kwa nkhokwe yake, Git inkapeza foda ija n'kumvera zonse zimene zalembedwamo. Nthawi zina munthu sankafunika n'komwe kulemba lamulo, chifukwa anthu ambiri amakonza teminolo yawo kuti iziitana Git yokha posonyeza nthambi imene ali. Vutoli linapatsidwa nambala ya CVE-2022-24765.

Chigamba chake chinatuluka pa 12 Epulo 2022 mu Git 2.35.2 ndi m'mitundu ina yakale. Kuyambira pamenepo Git inayamba kukana kugwira ntchito mu nkhokwe imene mwini wake ndi munthu wina. Amene akuikhulupirira nkhokweyo ankayenera kuilemba mu setingi yatsopano ya safe.directory. Apa panali mfundo yofunika imene olemba anaiganizira bwino: setingi imeneyi siwerengedwa kuchokera mu .git/config ya nkhokweyo. Ikanamawerengedwa kumeneko, munthu woipa akanangolemba yekha kuti nkhokwe yake ndi yabwino, ngati wakuba wodzilembera kalata yomuchitira umboni.

Ngakhale zinali choncho, chigambacho chinali ndi cholakwika chakechake. Git ikamawerenga fayilo ya masetingi, imapereka setingi iliyonse, imodzi ndi imodzi, ku khodi imene yapempha, ndipo khodiyo iyenera kuyamba yaona dzina n'kusiya zimene si zake. Khodi yatsopano ija sinkaona dzinalo. Zotsatira zake zinali zakuti setingi ina iliyonse imene yankho lake linali lofanana ndi njira ya foda inayake inkachititsa fodayo kutengedwa ngati yodalirika. Patangopita masiku ochepa, Git 2.35.3 inakonza zimenezi. Inabweranso ndi mayeso a setingiyi mu fayilo ya t0033-safe-directory.sh. Kuyesa kunali kovuta chifukwa mayeso amayendetsedwa ndi munthu mmodzi, choncho olemba anawonjezera njira yapadera youza Git kuti pa nthawi ya mayeso iziyerekeza kuti mwini foda ndi wina.

Vuto lina linali la anthu osalakwa amene ntchito yawo inaima. Makina ambiri oyesera khodi okha amagwiritsa ntchito ma container, kumene mafayilo amakhala a munthu wina ndipo woyendetsa Git amakhalanso wina. Makina oterewa anayamba kulephera. Git 2.35.3 inalola munthu kulemba chizindikiro cha * mu safe.directory posonyeza kuti akukhulupirira mafoda onse. Lamulo la sudo nalonso linakhudzidwa. Munthu akalemba sudo make install mu nkhokwe yake yomwe, Git inkaona ngati amene akuiyendetsa ndi root, yemwe si mwini foda, n'kukana. Chigamba china chinaphunzitsa Git kuona SUDO_UID, imene imasonyeza munthu amene waitana sudo.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Chigamba choyamba chinkaona mwini wa foda yakunja, osati mwini wa .git imene ili m'kati mwake. Choncho mu foda imene aliyense amaloledwa kulembamo, monga /tmp pa Linux, munthu woipa akanathabe kutchera root msampha. Bowo limeneli, CVE-2022-29187, linatsekedwa mu Julayi 2022 mu Git 2.37.1.

Mzere wautali mu 2023

Cholakwika chachiwiri chinali mu khodi imene imachotsa chigawo cha masetingi kapena kuchisintha dzina. Khodiyi sinkagwiritsa ntchito njira imene Git imawerengera masetingi nthawi zonse. Inali ndi kawerengedwe kakekake, ndipo inkatenga mzere uliwonse n'kuuika m'malo okwana mabaiti 1024 okha. Mzere ukapitirira pamenepo, mbali yotsalayo inkawerengedwa ngati mzere watsopano.

Munthu woipa akanatha kulemba adiresi ya submodule yaitali kwambiri mu .gitmodules, n'kuikonza kuti mbali yopitirira mabaiti 1024 ioneke ngati chiyambi cha chigawo chatsopano. Adiresiyo inkalowa mu .git/config ngati mawu wamba osaopsa. Koma wogwiritsa ntchito akalemba lamulo lochotsa chigawo, monga git submodule deinit, Git inkalembanso fayiloyo molakwika ndipo mawu aja ankasanduka masetingi enieni, monga core.pager kapena core.sshCommand. Vutoli ndi CVE-2023-29007, ndipo linakonzedwa pa 25 Epulo 2023 mu Git 2.40.1 ndi m'mitundu ina yakale.

Chigamba chake chinachotsa malo a kukula kosasintha aja n'kuika njira yowerenga mzere wonse nthawi imodzi. Chinaikanso malire kuti Git izikana mizere yaitali mopitirira muyezo. Phunziro kwa ounika linali lakuti fayilo imodzi ikamawerengedwa ndi makhodi awiri osiyana, pamene awiriwo sakugwirizana ndi pamene munthu woipa amalowera.

Chizindikiro chosaoneka mu 2025

Cholakwika chachitatu chinachokera pa kusiyana kwa kulemba ndi kuwerenga. Pa Linux mzere umatha ndi chizindikiro chimodzi chosaoneka chotchedwa LF, pamene pa Windows umatha ndi ziwiri, CR ndi LF. Kuti mafayilo a mbali zonse aziwerengeka, Git imataya CR imene ili kumapeto kwa mzere ikamawerenga. Koma ikamalemba yankho lothera ndi CR, sinkaliika m'zizindikiro zogwira mawu. Choncho zimene inalemba ndi zimene inadzawerenga pambuyo pake zinkasiyana ndi chizindikiro chimodzi.

Kusiyana kumeneku kunali kokwanira. Njira ya foda ya submodule ikathera ndi CR, Git inkaifufuza ngati ndi yabwino ili ndi CR, koma podzaika mafayilo inkagwiritsa ntchito njira yopanda CR. Munthu woipa akanatha kuika symlink, kutanthauza fayilo yolozera kwina, pa dzina lachiwirilo, n'kuilozetsa ku foda ya hooks, kumene kumakhala timapulogalamu timene Git imayendetsa yokha. Munthu ankangofunika kukopera nkhokweyo ndi git clone --recursive kuti khodi ya wina iyende pa kompyuta yake. Vutoli, CVE-2025-48384, linkakhudza Linux ndi macOS. Linakonzedwa pa 8 Julayi 2025 mu Git 2.50.1 ndi m'mitundu ina yakale. Chigambacho chinali chachifupi kwambiri: Git inayamba kuika m'zizindikiro zogwira mawu yankho lililonse lokhala ndi CR. Mu Ogasiti 2025, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha makompyuta, CISA, linaika vutoli pa mndandanda wa zolakwika zimene anthu oipa akuzigwiritsadi ntchito.

Zimene ounika amayang'ana

Choyamba ndi kumene setingi ikuchokera. Wounika amafunsa kuti ndani angathe kulemba fayilo imene setingiyo ikuwerengedwamo. Kuyambira mu Git 2.38, masetingi a kompyuta yonse, a munthu mmodzi ndi a pa lamulo amatengedwa pamodzi ngati masetingi otetezedwa, ndipo masetingi okhudza chitetezo monga safe.directory ndi safe.bareRepository amawerengedwa kumeneko kokha.

Chachiwiri ndi kugwirizana kwa kulemba ndi kuwerenga. Yankho lililonse limene Git yalemba liyenera kubwerera chimodzimodzi ikaliwerenga. Wounika amayesa mayankho achilendo: lopanda kanthu, lalitali kwambiri, loyamba kapena kuthera ndi mpata, lokhala ndi zizindikiro za # kapena, zimene zimayambitsa ndemanga, ndi lokhala ndi zizindikiro zosaoneka.

Chachitatu ndi ndondomeko ya mafayilo. Chigamba chingathe kukonza vuto pamene setingi ili mu fayilo imodzi koma n'kusokoneza pamene ili m'mafayilo awiri. Wounika amaona ngati yomaliza ikupambanabe, ndiponso ngati setingi yolandira mayankho angapo ikuwerengedwa yonse. Amaonanso setingi yolembedwa popanda chizindikiro cha =, chifukwa khodi imene imayembekezera mawu ingathe kugwa ikalandira dzina lopanda yankho.

Chachinayi ndi mayeso. Sikokwanira kuona kuti mayeso apambana. Wounika amachotsa chigambacho n'kuyendetsanso mayesowo kuti aone ngati akulepheradi, chifukwa mayeso opambana nthawi zonse satsimikizira kanthu. Amafunanso mayeso a mbali yokana, osonyeza kuti chimene chiyenera kukanidwa chikukanidwadi. Cholakwika cha mu Git 2.35.2 chinali cha mtundu umenewu: khodi inkavomera zoyenera kuvomera, koma inkavomeranso zina zosayenera.

Chachisanu ndi anthu amene akugwiritsa ntchito kale pulogalamuyo. Mafayilo a masetingi amakhala zaka zambiri osasinthidwa, ndipo makina ambiri amadalira khalidwe lakale. Wounika amafunsa kuti ndani amene ntchito yake iime chigambachi chikatuluka, ndiponso ngati uthenga wa cholakwika ukumuuza chochita. Pa nkhani ya safe.directory, uthenga wa Git umasonyeza lamulo lenileni limene munthu angalembe ngati akuikhulupirira nkhokweyo. Zolemba zofotokoza masetingi nazonso ziyenera kusinthidwa limodzi ndi khodi.

Chomaliza ndi kukula kwa chigamba. Chigamba chokonza chinthu chimodzi chimawerengeka mosavuta, chimalowa msanga m'mitundu yakale ya Git, ndipo chikapezeka kuti chabweretsa vuto chimachotsedwa popanda kukhudza zina. N'chifukwa chake ounika amapempha wolemba kuti asasakanize kukonza cholakwika ndi kukongoletsa khodi.

Malire a kuunika

Kuunika sikugwira zolakwika zonse. Wounika amaona mizere imene yasintha, koma vuto lingakhale mu khodi imene sinasinthe kwa zaka zambiri, monga zinalili ndi malo a mabaiti 1024. Sangadziwenso makina onse amene anthu akuyendetsapo pulogalamuyo, ndipo zina zimadziwika chigamba chitafika kale kwa ogwiritsa ntchito. Pa chifukwa chimenechi polojekiti ya Git imaphatikiza kuunika ndi njira zina: mayeso oyendetsedwa pa Linux, macOS ndi Windows, nthawi yodikira mu nthambi ya next, ndi fuzzing, yomwe ndi njira yopatsa pulogalamu mawu osokonekera ambirimbiri kuti ione pamene ingagwe.

Mfundo zomwezi zimagwiranso ntchito pa mapulogalamu ena a pa teminolo amene amawerenga masetingi m'malo angapo, monga npm ndi pip. OpenSSH imasonyeza chifukwa chake wounika ayenera kudziwa malamulo a pulogalamu imene akuunika: mu masetingi a ssh, pa masetingi ambiri yankho loyamba kupezeka ndilo limagwira ntchito, mosiyana ndi Git kumene lomaliza ndilo limapambana.